Onse m'Beseni Limodzi

Telala anachimva chifuwacho asanamuone mwini wake. Anali atawerama pa makina, akusoka malaya a ana a sukulu, pamene kuseri kwa zenera kunamveka kutsokomola konyowa, kolemera, ngati kwa munthu amene wangovuulidwa m'madzi. Batani, galu wake wamkazi amene ankagona pa mulu wa zidutswa za nsalu kunsi kwa tebulo, anadzutsa khutu limodzi. Telala anachotsa phazi pa chopondera n'kusuzumira panja.

Pakati pa bwalo panaima mkulu wake, amene msewu wonse unkamutcha Sajeni ngakhale kuti usilikali ankangouonera patali. Dzinalo analitola pa zaka zimene anali kapitawo wa alonda pa kampani ina. Atapuma pa ntchito anachoka ndi agalu atatu a kampaniyo, akuluakulu ngati ana a ng'ombe, ndipo ankawabwereketsa kwa eni nyumba zosungiramo katundu. Agaluwo anawapatsa maudindo oposa ake, Jenerali, Meja ndi Kaputeni, moti mkazi wake ankati pakhomopo mwamuna wakeyo ndiye woyenera kumachitira sawatcha agalu. Meja anali ndi ana awiri amene anali atangosiya kuyamwa. Tsopano kumapeto kwa chingwe chimene Sajeni anagwira kunali galu wina wachilendo, wamiyendo italiitali, nthiti zili poyera.

"Telala, tuluka udzamuone msilikali watsopano!" anakuwa Sajeni. "Uyu ndi Kopolo."

Telala anatseka chitseko kuti Batani asamutsatire, n'kuyandikira.

"Mwamutenga kuti, achimwene?"

"Kwa anyamata ogulitsa agalu pa mphambano paja. Taona chifuwa chakecho, taona mapazi. Ameneyu akanenepa, akuba azidzapempha okha kuti apolisi abwere."

"Akutsokomola."

"Makutu ndili nawo."

"Nanga masowo?"

M'ngodya za maso a Kopolo munali manthongo achikasu, ndipo mphuno yake inali youma, yong'aluka.

"Fumbi la mumsewu ilo," anatero Sajeni. "Iweyo utakhala pa mphambano tsiku lonse, maso ako angakhale oyera? N'chifuwa chomwe chija cha chaka chatha. Ndikuchidziwa ngati dzina langa."

Chifuwa cha chaka chathacho Telala ankachikumbukira bwino. Kaputeni ndiye anabwera nacho kuchokera kokalondera. Chinali chouma, chaphokoso, ngati galu watsamwa ndi fupa. Ankatsokomola mpaka kulavula kathovu koyera, kenako n'kuthamangira ku beseni kukadya ngati palibe chachitika. Nthawi imeneyo Sajeni anamupatula. Kaputeni atachira anayamba Meja, Meja atachira anayamba Jenerali, ndipo phokosolo linatenga miyezi. Oyandikana nawo nyumba anadandaula, eni katundu anabweza agalu, mkazi wa Sajeni anaopseza kuti apita kwawo. Palibe galu anafa. Koma Sajeni anatolapo phunziro lake, lakuti kupatula n'kumene kunatalikitsa matendawo.

"Chaka chino sindibwerezanso uchitsiru uja," anatero akumasula chingwe. "Ukukumbukira zimene ankachita amayi katsabola akalowa m'nyumba? Tonse pa mphasa imodzi, bulangete limodzi. Sabata ziwiri, nkhani yatha. Agalu onse alowe m'khola limodzi, adyere m'beseni limodzi, atsokomole limodzi, achire limodzi. Bweretsa kanthu kako kaja nakonso kalandire gawo lake."

"Batani sabwera."

"Wati chiyani?"

"Ndati Batani sabwera, achimwene."

Sajeni anaseka mpaka Jenerali anauwa. Telala sankakana zinthu. Chisiyireni makolo awo nyumbayo, Sajeni ndi mkazi wake anatenga zipinda zikuluzikulu, iye n'kutsala ndi chipinda cha kumsewu, momwe munali makina, simbi, bedi ndi katani yogawa pakati. Sanadandaule. Bwalo limene kale ankayanikapo nsalu linasanduka la agalu, iye sanadandaulebe. Mkazi wa Telala atamwalira, mawu a telalayo anachepa kwambiri moti makasitomala ena ankamuyesa wosamva. Batani anamutola kumayambiriro kwa chaka kuseri kwa msika, ali kamwana kokwana m'thumba la jekete, kofiirira, kokhala ndi banga lakuda lozungulira pamwamba pa diso. Kuyambira pamenepo anthu odutsa mumsewu ankamumva telala akuyankhula ziganizo zathunthu, akufunsa galu ngati mkono wa malaya wakhala bwino.

Telala anamutsekera Batani m'chipindamo. M'mawa ndi madzulo ankamutulutsira ku khomo la kumsewu, pa chingwe, osadutsa pabwalo. Akachokera kumpopi wa kuseri ankavula nsapato pakhomo n'kusamba m'manja ndi sopo. Sanali kudziwa dzina la chimene ankachiopacho. Ankangoona kuti beseni likaikidwa, Jenerali, Meja ndi Kaputeni ankalimbirana, ana a Meja n'kumadzipanikiza pakati pa miyendo yawo, koma Kopolo ankanunkhiza kamodzi n'kubwerera kukagona pa ngodya, mutu uli pansi. Manthongo aja anakhuthala mpaka kumata zikope. Mamina anasanduka obiriwira. Pansi pa khola panayamba kuoneka zosanza ndi chimbudzi chamadzimadzi.

"Achimwene," anatero Telala tsiku lina, ataima patali ndi khola pamene Sajeni ankatsuka simenti ndi payipi, "chaka chatha Kaputeni ankadya."

"Ndiye?"

"Uyu sakudya. Chaka chatha panalibe kusanza, panalibe zamaso zimenezi. Tiitane dokotala wa ziweto."

"Dokotala adzandiuze chiyani ine? Agalu ndagwira nawo ntchito iwe ukuphunzira kulowetsa ulusi pa singano. Galu wamkota sakandira pachabe, mphwanga. Kopolo ndi mlendo, akusowa kwawo basi. Ndiponso onsewa anabayidwa katemera, ngakhale kako kaja. Sitinapite tonse ku bwalo la mpira tsiku lija ankabaya agalu a m'dera lonse?"

Zimenezo zinali zoona.

"Koma ukudziwa chimene chikundinyansa?" Sajeni anapitiriza, akuloza chipinda cha telala ndi payipi. "Anga achira, kenako kamfumukazi kako kadzatuluka, kadzatenga chifuwa, n'kuyambitsanso nyimbo pakhomo pano. Ndiye kuti ntchito yanga yonseyi yapita pachabe chifukwa cha galu wogona pa nsalu za anthu."

"Satuluka."

"Tiona."

Lachisanu Telala anayenera kukapereka mayunifolomu ku sukulu ya kutsidya kwa tauni. Anamuikira Batani madzi m'mbale, anatseka mawindo kusiya kampata kolowera mphepo, anakhoma chitseko cha kumsewu ndi cha kubwalo, makiyi n'kuika m'thumba. Kusukuluko anachedwa. Mphunzitsi wamkulu anali pa msonkhano, ndipo atatuluka anafuna kuti ana ayese malayawo mmodzimmodzi. Pamene Telala ankatsika basi dzuwa linali litapendeka.

Atatsegula chitseko, palibe anamudumphira. Mbale ya madzi inali yodzaza. Chitseko cha kubwalo chinali chotsegula, ndipo pabowo pake panalendewera mulu wa makiyi akale a malemu bambo awo, umene Sajeni ankausunga m'kabati.

Anamupeza m'khola. Batani anali atadzipinda pa ngodya, pomwe paja pankagona Kopolo, chifukwa agalu akuluakulu sanamulole malo ena. Kopolo anali atatsamiritsa mutu pamsana pake. Pa ubweya wofiirirawo panali mzere wa mamina obiriwira, wouma kale. Pakamwa pa Batani panali zotsalira za chakudya cha m'beseni.

Telala sanakumbukire mmene anatsegulira kholalo. Anangozindikira kuti waima pakati pa bwalo, galu ali m'manja. Sajeni anali pa mpando wake wa pulasitiki pansi pa mthunzi wa mpanda, akudula zikhadabo.

"Kuyambira m'mawa," anatero Sajeni mosatekeseka. "Wadya bwino ndithu. Udzandithokoza."

"Munalowa m'chipinda changa."

"M'nyumba ya bambo athu."

"Munalowa m'chipinda changa, achimwene! Ndinakhoma! Munthu akakhoma chitseko ndiye kuti wanena mawu. Ndinakuuzani ndi pakamwa, simunamve. Ndakuuzani ndi loko, simunamvenso. Ndikuuzeni ndi chiyani kuti mumve? Ndi nkhwangwa?"

Mkazi wa Sajeni anatuluka m'khitchini, manja ali ndi thovu la sopo. Chikwatiwireni pakhomopo anali asanamvepo mlamu wake akukweza mawu.

"Alamu, pepani, mtima pansi. Ine ndinawauza awa kuti asatero."

"Unandiuza chiyani iwe?" Sajeni anadzuka. "Taonani munthu wamkulu, wandevu zake, akulirira galu ngati wafedwa. Chifuwa, Telala! Chifuwa chokha! Ukanakhala ndi ana ukanadziwa kuti mwana sabisidwa ku chimfine."

Mawu amenewo anagwa pabwalo ngati mbale yadothi. Mkazi wa Sajeni anagwira pakamwa. Telala anamuyang'ana mkulu wakeyo, kenako anatembenuka. Pa chitseko chake anazula mulu wa makiyi uja n'kuuponya pamwamba pa denga, pomwe unalira pa malata n'kutsakamira mu ngalande ya madzi a mvula. Anamusambitsa Batani ndi madzi ofunda, kawiri, akupukuta mphuno ndi m'kamwa momwe, ngakhale mumtima ankadziwa kuti chimene chalowa sichituluka ndi sopo.

Masiku otsatira anakhala ngati akuikira kumbuyo Sajeni. Jenerali ndi Kaputeni anangoyetsemula pang'ono. Meja sanasinthe n'komwe. Ngakhale Kopolo anadzuka, analawa chakudya, anagwedeza mchira. Sajeni ankayenda pabwalo manja ali kumbuyo, akuimba mluzu, ndipo akafika pa zenera la telala ankakweza mawu ngati akuyankhula ndi mkazi wake.

"Mawu a akulu amakoma akagonera, mayi. Ena amayesa nzeru zili mu sizasi."

Telala ankapalasa makina, diso limodzi lili kunsi kwa tebulo. Batani anali atayamba kusiya chakudya chake theka. Akamuitana ankabwera, koma mochedwa, ngati nkhalamba. Makutu ake anali otentha. Tsiku lina m'mawa anatsokomola, ndipo Telala anasokera chala chake pamodzi ndi nsalu.

Tsiku lomwelo masana kukhola kunamveka kukuwa kwa mkazi wa Sajeni. Kopolo anali atagwa chammbali. Nsagwada zake zinkagundana mofulumira ngati akutafuna chinthu chosaoneka, thovu likutuluka, miyendo ikupalasa m'malere. Ana a Meja anali gone pa ngodya ina, maso atamatika, osauwa n'komwe. Sajeni anaima kakasi, payipi ikuthira madzi pa nsapato zake. Mkazi wake sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anatenga foni.

Dokotala wa ziweto anafika pa njinga yamoto. Anali mayi wamfupi, wotopa, wovala ovololo yobiriwira, ndipo sanataye nthawi ndi malonje. Anavala magolovesi, anamutsegula Kopolo zikope, anamuyeza kutentha, kenako anatembenuza phazi lake n'kuligogoda ndi chala. Kunsi kwa phazilo kunali gwa ngati chidendene cha nsapato.

"Wayamba liti?"

Sajeni anafotokoza. Anafotokozanso za chaka chatha, mwatsatanetsatane, ngati munthu wopereka lipoti kwa bwana. Atafika pa beseni limodzi, dokotala anasiya kulemba pa botolo la mankhwala limene anagwira.

"Mwati munawasonkhanitsa dala?"

"Kuti chithe msanga. Amayi athu ankatero ndi katsabola."

"Amayi anu ankaweta agalu?"



"Bambo, tamverani," anatero dokotala. "Cha chaka chathacho chinali chifuwa cha m'khola. Chimakhala pakhosi. Galu amatsokomola mouma, koma amadya, amasewera, ndipo kawirikawiri chimatha chokha. Ngakhale chimenecho sitisonkhanitsa agalu, timapatula. Koma ichi si chimenecho. Iyi ndi disitempa. Ndi msuweni wake wa chikuku. Imayamba ngati chifuwa, n'chifukwa chake imapusitsa anthu, koma imabwera ndi kutentha thupi, manthongo, mamina okhuthala, kukana chakudya. Imatsikira m'mimba, kenako imakhala ngati yapita, ndiye n'kukwera ku ubongo. Uyu yafika ku ubongo."

"Koma akuluakuluwa ali bwinobwino," anatero Sajeni, mawu atachepa.

"Munawatenga kuti?"

"Ku kampani ya alonda."

"Ndiye kampaniyo inawabayitsa katemera woyenera. Muwathokoze amenewo, osati beseni lanu."

Telala anali ataima pa khomo lake nthawi yonseyi. Anayandikira pang'ono.

"Adokotala, wanga anabayidwa. Ku bwalo la mpira."

Dokotala anamuyang'ana, ndipo nkhope yake inafewa.

"Uja ndi wa chiwewe chokha, bambo. Ndi wofunika, koma loko wa pa geti satseka zenera. Wa disitempa ndi wina, amabaya kangapo galu akadali mwana. Ali kuti wanuyo?"

Anasintha magolovesi, anapukuta nsapato ndi mankhwala, n'kulowa m'chipinda cha telala. Anagwada pakati pa zidutswa za nsalu. Batani anayesa kugwedeza mchira. Dokotala atayang'ana choyezera kutentha sananene nambala, anangopumira m'mwamba.

"Mankhwala opha matendawa kulibe," anatero. "Ndimubaya jakisoni woteteza kuti chibayo chisalowererepo, ndikusiyirani a m'maso ndi oletsa kusanza. Zotsalazo ndi manja anu. Madzi pang'onopang'ono, chakudya chofewa, pofunda, mphuno izikhala yopukuta. Ena amapulumuka. Sindikulonjezani."

"Akanapanda kulowa m'khola muja?"

Dokotala anayang'ana ku zenera, komwe mutu wa Sajeni unkaoneka.

"Mwina akanatengabe, pakhomo ndi pamodzi. Mwinanso ayi. Munkachita bwino kumupatula."

Kopolo sanadzukenso, dokotala anamugoneka tulo tosadzuka madzulo omwewo. Ana a Meja anatsatira, wina Lamlungu, wina pakati pa sabata. Telala ankamva khasu likulira kuseri kwa khola ndipo sanatuluke kukathandiza.

Anatseka shopu. Kwa makasitomala obwera kudzatenga zovala ankapereka pa zenera, zosatha n'kubweza momwemo, ndipo mayi wina amene anafunsa ngati zoona diresi lake la ukwati lachedwa chifukwa cha galu anauzidwa kuti atelala mumsewumo ndi ambiri. Anadula nsalu yofewa ya thonje m'tizidutswa topukutira maso. Ankawiritsa chiwindi n'kuchisinja, n'kumamupatsa Batani ndi kasipuni, akumunyengerera ngati mwana. Madzi ankamuthira m'mbali mwa kamwa ndi sirinji yopanda singano. Mlamu wake ankasiya msuzi wa mafupa pakhomo, kugogoda kamodzi n'kuchoka. Tsiku lina anagogoda ndi Sajeni.

"Mphwanga, ndabweretsa mazira. Akuti amapatsa mphamvu."

Telala anapitiriza kupukuta mphuno ya galu.

"Telala, ndikuyankhula nawe."

"Ndakumvani. Kawapatseni a Jenerali."

Mkwiyo wake sunali woyaka ngati tsiku lija. Unali utakhazikika pansi pa mtima ngati makala a m'simbi, osaoneka moto koma otentha chilichonse chowakhudza. Mbali ina unkamuwotcha iye mwini, chifukwa nayenso anabwerako ku bwalo la mpira akuyesa kuti watchinga zonse, osafunsa funso ngakhale limodzi. Koma akafika pamenepo ankakumbukira mzere wobiriwira uja pamsana pa Batani, ndipo makalawo ankatembenukiranso kubwalo.

Kenako Batani anayamba kudya yekha. Kusanza kunaleka, maso anayera, ndipo m'mawa wina anayenda mpaka pakhomo n'kuuwa njinga yodutsa. Telala anakhala pansi pa simenti n'kuseka, kuseka kosazolowereka kumene kunamupweteka m'nthiti. Anatsegulanso makina. Sajeni atamva kulira kwa makinawo anayambiranso mluzu wake, motsitsa.

Sabata isanathe, Telala akudula nsalu, anaona kuti kamnofu ka pamwamba pa diso la Batani kakudumphadumpha. Anaika chala pamenepo kuti kaleke. Sikanaleke. Mawa lake mwendo wakumbuyo unayamba kukoka wokha, ngakhale galuyo ali m'tulo. Dokotala anamupatsa mapiritsi oletsa kukomoka, ndipo anathandiza masiku ochepa. Kenako nsagwada zinayamba kugundana. Batani ankagwa, kupalasa, kudzikodzera, ndipo akatsitsimuka ankayang'ana telala ngati sakumudziwa, n'kumayenda mozungulira mpaka kugunda mwendo wa tebulo. Kugwako kunayamba kubwera pafupipafupi, kwina kusanathe bwino kwina n'kuyamba.

M'mawa wa tsiku lomaliza anamukulunga m'nsalu n'kutuluka. Basi sakanamulola, choncho anayenda wapansi, kudutsa pa malo ochapira magalimoto, pa sitolo ya zitsulo, pa mzere wa okonza mafoni amene ankamudziwa ndipo anasiya nthabwala zawo atamuona. Anamva mapazi kumbuyo kwake. Sanacheuke. Kayendedwe ka Sajeni, kokoka chidendene chimodzi, akanakazindikira ngakhale pakati pa chikhamu.

Chipatala cha ziweto chinali chipinda chimodzi chonunkha mankhwala, chokhala ndi tebulo lachitsulo pakati. Dokotala anawalowetsa pa khomo la kumbali kuti asadutse pomwe panali agalu ena. Batani atangoikidwa patebulo anagwanso, zikhadabo zikukanda chitsulo. Dokotala anamubaya mankhwala omukhazika, n'kudikira mpaka miyendo itafooka. Ngakhale pamenepo mwendo wakumbuyo uja unkakokabe.

"Bambo," anatero kwa Telala, "mwachita zonse zimene munthu angachite. Pamene pafika apa, sabwerera. Mukhoza kupita naye, koma muzikaonera zomwezi mpaka mtima wake utatopa. Galu ndi wanu, munene ndinu."

Telala anatsegula pakamwa, koma amene anayankhula ndi Sajeni.

"Ayi, adokotala, musamuphe. Ameneyu ndi wolimba, ine agalu ndimawadziwa. Sabata yatha ankauwa njinga. Tipatseni mapiritsi ena, amphamvu. Telala, tiye naye kunyumba. Ndizimusamalira ine, iwe uzisoka. Adzuka ameneyu, uona."

Telala anatembenuka pang'onopang'ono. Maso a mkulu wake anali ofiira, ndipo chipewa anali atachifinya m'manja ngati chisanza chotsukira mbale. Kanthawi kochepa mtima wake unafuna kugwira mawu amenewo, chifukwa iyenso ankafuna kumva kuti adzuka. Kenako anazindikira chimene Sajeni ankapempha.

"Mukufuna akhale moyo kuti inu muzigona tulo," anatero motsitsa.

"Mphwanga..."

"Avutike sabata ina, azidziluma lilime, azigunda mutu ku tebulo, kuti inu mudzathe kunena kuti anafa yekha, tinayesetsa. Agalu mumawadziwa! Mwakwirira atatu kuseri kwa khola, mukuwadziwabe? Tsiku lija munasankha inu, m'chipinda changa, ine kulibe. Lero ndisankha ine." Anayang'ana dokotala. "Mugonekeni, adokotala."

Dokotala anagwedeza mutu n'kutembenukira ku kabati. Sajeni anavala chipewa chake n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, dzanja likufufuza chogwirira chitseko.

"Ndikakudikira panja."

"Musatuluke, achimwene."

"Sindingathe kuonera zimenezi, Telala."

"Ine ndaonera masabata onsewa. Bwerani kuno. Gwirani mwendo uwu, ukusokoneza adokotala."

Sajeni anayang'ana dokotala ngati amupulumutse, koma mayiyo anali kalikiliki kumeta ubweya pa mwendo wakutsogolo, ndipo sanadzutse mutu. Sajeni anabwerera. Anavulanso chipewa, anachiika pa mpando, n'kugwira mwendo wakumbuyo uja ndi manja onse awiri. Unkakoka m'manja mwake, kukoka, kukoka, ndipo Telala anaona mapewa aakuluwo akugwedezeka nawo limodzi.

Telala anaika dzanja pansi pa mutu wa Batani n'kuwerama mpaka pakamwa pake panakhudza khutu. Anamuuza zinthu zazing'ono, zimene ankamuuza masiku onse: kuti kunja kwatentha, kuti malaya a buluu aja atsala mabowo okha, kuti wakhala mtsikana wabwino. Dokotala analowetsa singano. Mpweya unatuluka wautali, wofunda, pa dzanja la telala. Mwendo uja unakoka kamodzi, mofooka, n'kuleka.

Sajeni sanausiye. Anaugwirabe, mutu uli pansi, misozi ikugwera pa chitsulo, mpaka dokotala anachotsa chomvetsera pa chifuwa cha galu n'kumukhudza pa mkono.

"Mukhoza kusiya tsopano, bambo. Watha."

Telala anakulunga nsalu ija bwinobwino, anapinda m'mphepete monga amapindira chovala chomalizidwa, n'kunyamula. Sajeni anatambasula manja kuti alandire.

"Ndipatse ndikunyamulire, mphwanga. Ndi kutali."

"Tsegulani chitseko."

Sajeni anatsegula n'kuchigwira. Telala anadutsa pafupi naye, phewa kukhudza phewa, osamuyang'ana, n'kutulukira padzuwa.